Chiphaso Chinali cha Amuna Anga

1

Kalata ya ku banki inamupeza Jacolien patatha miyezi itatu chiikireni mwamuna wake m'manda. Sanapite nayo kwa abusa, sanapite nayo kwa mayi ake omubala. Anabwera nayo kwa ine, panjinga, mvula ya Disembala ikumumenya kumaso, ana ake awiri atakutidwa ndi pulasitiki m'bokosi la kutsogolo kwa njingayo.

"Azakhali, tandiwerengereni inu. Ine ndawerenga katatu, mutu sukugwira."

Dzina langa ndine Willemien, koma m'mudzi mwathu, kufupi ndi tawuni ya Barneveld, aliyense ankangoti Mien. Jacolien ndi mkazi wa Teun, mwana wa achimwene anga a Lubbert. Ine Mulungu sanandipatse mwana. Anandibwereka Teun. Ndi ine amene ndinamuphunzitsa kupalasa njinga, ndi ine amene ndinasita malaya amene anavala paukwati wake.

Ndinavala magalasi n'kuwerenga. Kalatayo inali yaulemu ndithu. Inayamba ndi kupepesa maliro, kenako inafika pa mfundo yake: ngongole ya nyumba sinalipidwe miyezi iwiri, ndalama zimene Jacolien amapeza sizingakwanitse, choncho ndi bwino nyumbayo aigulitse yekha chilimwe chisanafike, banki isanachite kuigulitsa.

"Ndiye kuti tituluke?"

"Akutero."

"Teun anapaka yekha penti m'chipinda cha ana. Sanamalize n'komwe. Khoma limodzi likadali loyera." Anapukuta mphuno ya mwana wamkulu ndi mpango. "Kukanakhala inshuwalansi bwenzi ngongole yonse itafufutika, eti? Mnzanga wina anandiuza choncho."

"Ndi mmene zimakhalira."

"Basi. Anamvera bambo ake."

Pakona pa ofesi, pampando wa chikopa, panali amuna anga a Harmen atavala suti ndi tayi, akusanja maenvulopu opanda kanthu. Anadzutsa mutu n'kumwetulira.

"Mtsikanayu ndi wa kwa ndani, Mien?"

"Ndi Jacolien, bambo. Wa Teun."

"Aa, Teun! Mnyamata wabwino. Umuuze abwere."

Jacolien anayang'ana pansi. Ine ndinanyamuka kukathira khofi, ndipo wambiri anatayikira m'sosala. Tsiku limenelo ndinkadziwa chinthu chimene chikanasiya nyumba ija m'manja mwa mtsikanayo. Ndinamupatsa bisiketi imodzi, n'kutseka chitini.

2

Pakhomo pathu panali chikwangwani chamkuwa cholembedwa dzina la amuna anga ndi ntchito yawo: mlangizi wa ngongole za nyumba. Munthu akafuna kugula nyumba ankabwera kwa iwo, iwo n'kumuwerengera zimene angakwanitse, kumusankhira banki, kumuchenjeza pomwe pali dzenje. Ntchitoyi sagwira aliyense. Pamafunika chiphaso, ndipo mwini chiphasocho amayenera kukalembanso mayeso pakapita zaka zitatu zilizonse. Akapanda kukhoza, sayenera kulangizanso munthu.

Chiphaso chinali cha a Harmen. Ine ndinali wotayipa makalata ndi wophika khofi. Zaka makumi atatu ndinakhala pa tebulo laling'ono pafupi ndi zenera, ndikumva zonse.

Anthu a mpingo wathu sakonda kuulula za m'thumba mwawo kwa mlendo wa mumzinda. Ankabwera kwa ife chifukwa ankationa kawiri Lamulungu lililonse, m'mawa ndi masana, pa benchi yachitatu kuchokera kutsogolo. Palibe amene anafunsapo kuti aone chiphaso. Ungafunse chiphaso munthu amene umaimba naye salimo limodzi?

Matenda anabwera mwakachetechete. Tsiku lina ndinawapeza a Harmen akuwonkhetsa manambala omwewo kachinayi, yankho likutuluka losiyana. Tsiku lina anamutcha kasitomala dzina la agogo ake amene anamwalira kalekale. Adokotala atatiuza dzina la matendawo, tinakhala m'galimoto osailiza. Mwamuna amene sindinamuonepo akulira anandigwira dzanja.

"Usauze anthu, Mien. Adzandiyang'ana ngati mwana."

Ndinalonjeza. Ndinalumbira paguwa kuti ndidzakhala nawo pa mtendere ndi pa mavuto, ndipo ndinaganiza kuti uku ndiye kusunga lumbirolo.

Tinapeza njira yathu. Anthu akalowa, a Harmen ankaimirira, kupereka moni, kufunsa za ng'ombe ndi za nkhuku. Zimenezo ankazithabe bwino. Kenako ine ndinkakoka mpando n'kunena kuti, "Bambo aziona kale zonse, andituma ndikufotokozereni." Anthu akapita ndinkawaikira cholembera m'manja n'kuloza ndi chala.

"Apa, bambo."

"Ndasayina zingati lero?"

"Ziwiri zokha."

"Ntchito ikuyenda, eti?"

"Ikuyenda."

Sindibisa, zinkandikomera. Patatha zaka makumi atatu za khofi, amuna akuluakulu a mafamu ankandimvetsera ine, zipewa zili pamaondo. Ndinkadziuza kuti ntchitoyi ndikuidziwa kuposa tianyamata ta mumzinda tokhala ndi mapepala. Ndinkagwada kupempherera amuna anga tsiku ndi tsiku, koma za ofesi sindinkazitchula m'pemphero. Ndinkachita ngati Mulungu amathera pa chitseko cha ofesi.

3

Teun ndi Jacolien anabwera mu Febuluwale wa chaka chimene Teun anamwalira. Anapeza nyumba yakale kuseri kwa tchalitchi, ya munda wa maapulo kumbuyo. Jacolien anali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Kumbuyo kwawo kunalowa achimwene anga a Lubbert, mkulu wa mpingo, amene anapereka gawo la ndalama zoyambira ndipo ankaona kuti zimenezo zawagulira mpando pa zokambirana.

"Azakhali, nyumba yake denga likudontha ngati sefa," anatero Teun akuseka. "Mwayi wake Jacolien wakwatiwa ndi wokhoma madenga."

"Wokhoma madenga a eni," anatero Jacolien. "La kwathu adzakhoma ana atakula."

"Mwamumva? Sitinalowe n'komwe, wayamba kale."

Tinaseka tonse, ngakhale a Harmen. Ndinafotokoza za chiwongoladzanja ndi za zaka makumi atatu zobwezera. Kenako tinafika pa tsamba limene ndinkaliopa.

"Pali nkhani ya inshuwalansi ya moyo. Banki iyi sikakamiza, popeza ndalama zoyambira ndi zambiri. Koma Teun atati..."

"Tsamba limenelo litembenuze," anatero a Lubbert.

Owerenga ena sangamvetse. M'mpingo mwathu muli mabanja ambiri amene sagula inshuwalansi ya mtundu uliwonse. Amati masiku a munthu ali m'dzanja la Mulungu, ndipo kugula chitetezo kwa kampani ndi kumuuza Mlengi kuti simukumukhulupirira. Khola likapsa, abale amasonkha n'kumanganso. Bambo athu anakhala choncho mpaka imfa, a Lubbert chimodzimodzi. A Harmen anali ndi maganizo ena, ndipo pa nkhani imeneyi awiriwa ankangopirirana.

"Bambo, mwina tingomva kaye," anatero Jacolien chapansipansi.

"Umve chiyani, mwana wanga? Amene anatidyetsa ife zaka zonsezi watopa? Kapena kampani ya mumzinda wa Utrecht ndiyo ili ndi dzanja lalitali kuposa lake?"

Teun anayang'ana zikhadabo zake.

Ndinkadziwa zimene a Harmen ankachita pamenepa akadali bwino. Ankaimirira n'kunena mwaulemu kuti, "Akuluakulu, tatsogolani kukhitchini, khofi akuzizira." Akatsala ndi eni ngongole okha, ankatenga pepala n'kulemba manambala awiri: zimene banki idzafuna mwezi uliwonse, ndi zimene mkazi adzatsale nazo mwamuna atamwalira. Ankaliika pakati pa tebulo n'kukhala chete. Ena ankakanabe, ndipo unali ufulu wawo, koma ankakana ataona. Ntchito ya mlangizi ndi imeneyo, ndipo malamulo amafuna zimenezo.

Ine sindinawatulutse a Lubbert. Ndinawaopa kuyambira ndili kamtsikana. Komanso ndinali pa changu: chiphaso cha a Harmen chinkatha kumapeto kwa Malichi, ndipo ndinkafuna mapepala adutse ku banki tsikulo lisanakwane.

"Ndiye Teun usayine apa, kuti wafotokozeredwa ndipo wakana."

Anasayina. Sindinamufotokozere chilichonse.

4

Masabata asanu ndinawaphunzitsa a Harmen za mayeso ngati mwana wa sukulu. M'mawa ankayankha bwino. Masana funso lomwelo linkakhala lachilendo.

Tinapita pa sitima. Ndinawakonza tayi pakhomo la chipinda cha mayeso n'kukhala pa benchi panja, ndikung'ung'udza salimo mumtima. Sipanathe theka la ola, chitseko chinatseguka. Mtsikana woyang'anira mayeso anawatulutsa atawagwira pamkono.

"Mayi, ndi amuna anu? Akuti akufuna basi ya kusukulu."

A Harmen anandiyang'ana mosangalala. "Mien! Nawenso wabwera kuno?"

Pa 1 Epulo chiphaso chinatha mphamvu. Chikwangwani chamkuwa sindinachichotse. Ndinapitiriza kuchipukuta Loweruka lililonse. Obwera kudzafuna ngongole zatsopano ndinkawauza kuti bambo ali ndi ntchito yambiri, abwere pakapita miyezi ingapo. Ndinaitanitsa mabuku kuti ndilembe mayeso ine ndemwe, koma anali mayeso angapo, ndipo munthu wosamalira wodwala amawerenga tsamba limodzi n'kugona.

Mu Epulo momwemo munachitika chinthu china. Ndikuuzani. Mundilole ndiyambe ndadutsa pa maliro, chifukwa ngakhale lero cholembera chikukana.

5

Teun anagwa pa 19 Seputembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kuchokera padenga la khola la nkhuku pomwe ankaika magalasi a sola. Anzake akuti sanakuwe n'komwe. Anali ndi zaka 29. Mwana wake wachiwiri anali ndi miyezi itatu.

Kwathu maliro sakhala ndi maluwa kapena nyimbo za pa wailesi. Tinayenda pambuyo pa bokosi titavala zakuda, mudzi wonse, nsapato zokha zikumveka pamsewu. Kumanda a Lubbert anavula chipewa n'kulankhula osanjenjemera.

"Mwana wanga sanaike chiyembekezo chake pa anthu. Pamene ankagula nyumba anayesedwa, ndipo anakana kugula chitetezo cha dziko lapansi. Anadzisiya m'manja mwa Mulungu, iye ndi banja lake. Chimenechi chikunditonthoza lero."

Amuna anagwedeza mitu. Amayi ena anandifinya dzanja podutsa. M'holo ya tchalitchi tinadya mabanzi a tchizi ndi khofi, ndipo mayi wina anandinong'oneza kuti, "Mwayi wake Jacolien ali ndi inu, Mien. Inu ndiye mumadziwa za mapepala."

Atumiki a mpingo anachita mbali yawo. Anabweretsa mbatatesi, analipira magetsi, anagula nsapato za ana. Koma khola lakupsa limamangidwa pa sabata ziwiri. Ngongole ya zaka makumi atatu palibe mbale ya chopereka imene ingainyamule.

Ine ndinkapita kwa Jacolien Lachiwiri ndi Lachisanu kukachapa ndi kusita. Anthu ankati ndine mngelo. Ndikabwerera kunyumba ndinkatseka chitseko, n'kukhala moyang'anana ndi mwamuna amene sakanatha kundisungira chinsinsi kapena kundidzudzula. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe padziko amene ndikanamuuza.

6

Mu Febuluwale wotsatira chikwangwani chogulitsa nyumba chinazikidwa pakati pa mitengo ya maapulo. Ndinapita kukathandiza kulongedza. Tinali m'chipinda cha ana, pafupi ndi khoma losamaliza lija, tikukulunga makapu m'manyuzipepala.

"Azakhali, ndikuuzeni chinthu? Musakauze abusa."

"Nena, mwana wanga."

"Sindikutha kupemphera. Ndikatseka maso ndimangomuona iyeyo akuyang'ana zikhadabo zake." Anaika kapu pansi. "Tsiku lija titachoka kwanu ndinamupempha. Ndinamugwira dzanja n'kuliika pamimba panga. Ndinati, Teun, ntchito yako ndi yapamwamba, taganizira anawa. Mukudziwa anati chiyani? Anati, 'Ndamva.' Basi. Ndamva! Anasankha bambo ake, azakhali. Anthu akumutama kumanda, ine ndili ndi mkwiyo ndi munthu wakufa. Chithunzi chake ndachitembenuzira kukhoma."

Ndinakulunga kapu imodzi nyuzipepala zitatu.

Sabata imeneyo inali yokonzekera Mgonero wa Ambuye, pamene aliyense amauzidwa kudziyesa yekha asanayandikire gome. Lachinayi m'mawa ndinkawadulira a Harmen buledi. Munthu amene anaiwala dzina la msewu wathu, amene ankandifunsa ngati mayi ake abwera, anali ndi funso limodzi limene matenda analephera kulifufuta. Ankalifunsa pafupifupi m'mawa uliwonse kuyambira Epulo.

"Mien, pepala la Teun lija unatumiza?"

Miyezi khumi ndinkayankha kuti, "Ndinatumiza, bambo. Idyani." Tsiku limenelo mpeni unaima.

"Sindinatumize."

Anandiyang'ana ndi maso awo akale, a munthu wa ntchito yake.

"Aa, Mien. Pepala la munthu sasunga."

Kenako anafunsa ngati kuli jamu.

7

Tsopano ndinene.

Linali Lachitatu, pakati pa Epulo, nthawi ya nkhomaliro. Teun analowera khomo la kukhitchini kuti galimoto yake isaoneke kumsewu. Anavula majombo pakhomo n'kulowa mu ofesi ndi masokosi, limodzi lobooka pachala.

"Azakhali, muli nokha?"

"Ndili ndi atsibweni akowa. Mkazi wako sakusokera masokosi?"

"Musiyeni, akulemedwa." Anakhala pansi, chipewa akuchipotokola. "Inshuwalansi ija ndikuifuna."

"Bambo ako akudziwa?"

"Akadziwa ndiye kuti ndafa kawiri." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Dzulo phazi linaterereka. Sindinagwe, ndinagwira chitsulo. Koma ndili lende pamenepo sindinaganize za bambo. Ndinaganiza za Jacolien. Ndapemphera, azakhali. Padenga ndimamanga lamba, ndipo palibe amene amati lamba ndi kusakhulupirira. Ngati ndikulakwa, Mulungu andikhululukire ineyo, koma ana asagone panja."

"Jacolien wamuuza?"

"Ayi. Amayi akamufunsa sangathe kunama, nkhope imamugulitsa. Ndidzamuuza mwana akabadwa, zonse zikadutsa. Inu nokha ndi amene ndingakukhulupirireni."

Ndinatulutsa fomu. Tinaidzaza limodzi, anasayina, analemba tsiku. A Harmen ali pakona paja anati, "Wachita bwino, mnyamata." Teun anandipsompsona pachipumi n'kuthamangira kuntchito.

Masana omwewo ndinatsegula kompyuta kuti nditumize. Kampani ya inshuwalansi inkafuna umboni wakuti chiphaso cha mlangizi chikugwirabe ntchito. Chathu chinali chitatha masabata awiri apitawo.

Ndikanatha kumuimbira foni. Mawu oti ndimuuze anali ochepa: Teun, ife sitingathenso, pita kwa mlangizi wina mumzinda, mawa lomwe. Zikanamutengera ola limodzi. Koma akanafunsa chifukwa chake. Akanadziwa kuti ngongole yake inakonzedwa ndi munthu wopanda chiphaso. Mudzi ukanadziwa za a Harmen, ndipo ukanadziwa za ine. Ndinati ndidikire pang'ono, ndikhoza mayeso, nditumiza ndekha. Teun akadali mnyamata, ali ndi mphamvu ngati hatchi. Ndinaika fomuyo m'dirowa n'kukhoma.

Anandifunsa kawiri. Koyamba panja pa tchalitchi mu Juni, monong'ona. "Azakhali, sanayambe kudula ndalama ku akaunti." Ndinati makampani amachedwa. Kachiwiri mu Ogasiti, pa ubatizo wa mwana. Ndinati, "Zonse zili m'malo mwake, usadere nkhawa." Anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Ndiye ndizikwera ndi mtima umodzi."

Anakwera padenga lija akukhulupirira kuti ana ake ndi otetezedwa.

8

Lachinayi lija la mu Febuluwale ndinawasiya a Harmen kwa a neba n'kupalasa njinga kupita kuseri kwa tchalitchi. Jacolien anali kukhitchini pakati pa makatoni. Ndinaika fomu patebulo. Ndinakhala chiimire n'kunena zonse, kuyambira kwa adokotala mpaka ku dirowa.

Sanandiyang'ane. Anayendetsa chala pa siginecha, kenako pa tsiku.

"Ndi dzanja lake ili."

"Ndi lake."

"Anabwera yekha? Osatumidwa?"

"Yekha. Ndi sokosi lobooka."

Anatulutsa mawu amene sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Anakumbatira pepalalo pachifuwa n'kutsetsereka mpaka pansi, msana uli ku kabati. Ndinapita kuti ndimugwire.

"Musandikhudze." Anadzutsa nkhope. "Miyezi isanu mwakhala mukusita malaya a ana anga. Ndinakuuzani kuti ndikudana ndi mwamuna wanga, inu n'kumakulunga makapu. Nyumba ndi nyumba, azakhali, ndikanakhala m'chipinda chimodzi. Koma munandibera Teun kawiri."

"Ndikonza, mwana wanga. Nyumbayi sutuluka."

"Tulukani inuyo."

Kwa a Lubbert kunali kwachidule. Anawerenga fomuyo ataimirira pakhomo la khola lawo, n'kundibwezera.

"Walemba wekha ichi."

"Achimwene, dzanja la mwana wanu simukulidziwa?"

"Mwana wanga ndinamuika m'manda ali wokhulupirika. Iwe wabwera kudzamufukula." Anandiloza ndi chala. "Unanamiza mudzi wonse zaka ziwiri. Lero ndikukhulupirire?"

Anatseka chitseko cha khola. Mpaka lero sanalankhulenso nane.

Lolemba ndinalembera bungwe la boma loyang'anira alangizi a zandalama. Kunabwera anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, aulemu, ndipo ananyamula mafayilo onse a zaka ziwiri. Mayiyo anandifunsa funso limodzi limene silinali pa pepala lake.

"Pa anthu onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe anafufuza ngati chiphaso chilipo?"

"Timapemphera limodzi," ndinatero.

Analemba kenakake.

Ofesi inatsekedwa ndipo ndinalipitsidwa chindapusa. M'mafayilo muja anapezamo mabanja ena atatu amene ndinawalangiza molakwika, ndikudziyesa katswiri. Kampani imene inkateteza ofesi yathu pa zolakwa za ntchito inakana kulipira, chifukwa wolakwayo sanali mwini chiphaso. Loya anandiuza kuti Jacolien atha kundisumira. Ndinati asavutike. Ndinagulitsa nyumba yathu ndi ofesi yomwe, nyumba imene a Harmen anabadwiramo. Zotsala pambuyo pa chindapusa ndi mabanja atatu aja zinapita ku ngongole ya Jacolien. Sizinaimalize, koma zinaitsitsa kufika poti angathe ndi ntchito yake ya kusitolo. Chikwangwani cha pakati pa maapulo chinazulidwa.

Lamulungu lina abusa anawerenga dzina langa, ndipo ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse kuvomera tchimo langa. Anandifunsa ngati ndikulapa. Ndinati inde. Mpingo unaimba salimo pang'onopang'ono monga timaimbira, liwu lililonse kulikoka, ine ndili chiimire ndekha pa benchi yachitatu.

9

Tsopano ndimakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya njinga ku Barneveld. A Harmen ali kunyumba yosamalira odwala. Lonjezo langa lakuti anthu asadziwe ndinaliphwanya, ndipo iwo sakudziwa kuti ndinaliphwanya. Ndimapita masana aliwonse. Masiku ena amandiyesa nesi. Ndikayamba salimo amalitsatira mpaka kumapeto osaphonya liwu, kenako amandithokoza mwaulemu n'kufunsa ngati mkazi wawo abwera.

Kutchalitchi ndimapitabe kumudzi, pa basi, ndipo ndimakhala kumbuyo. Mpingo unandikhululukira monga mwa dongosolo lake. Koma kwathu ulaliki ukayamba, anthu amapatsirana timaswiti toyera m'benchi, dzanja ndi dzanja. Mpukutu wa timaswitito ukafika kwa mayi woyandikana nane umabwerera. Ndimanyamula tanga m'chikwama.

Jacolien sandipatsa moni. Sindimudandaula. Mayi ake anandiuza pa siteji ya basi, akuyang'ana kumbali, kuti Jacolien anayambanso kupemphera, ndiponso kuti anauza apongozi ake a Lubbert m'maso muli gwa kuti ana adzakula akudziwa zimene bambo awo anachita. Ndinalira m'basi njira yonse. Chimenecho chokha ndi chimene ndinabweza chathunthu.

Abale anga owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndikhulupirira kuti Ambuye amene anaona dirowa lija likukhomedwa ndi yemweyo amene anandidikira miyezi khumi osanditaya, ndipo chifundo chimenecho chimandikwanira, ngakhale m'nyumba mulibe wondiyankha. Za inshuwalansi, aliyense akambirane ndi Mulungu wake ndi mkazi wake. Ine sindine woyenera kulangiza munthu, ndipo boma linandiuza kale zimenezo.

Koma ichi chokha mundimvere. Kale ndinkaona ziphaso ndi mayeso ngati zovutitsa za anthu a mumzinda amene sadziwana. Ndinkati ife timadziwana. Ine sindinali wakuba. Teun ndinkamukonda kuposa munthu aliyense amene akanamupeza mu ofesi ya mumzinda, ndipo mlendo wa chiphaso akanatumiza pepala lija tsiku lomwelo. Lamulo lija analiikira anthu ngati ine, okoma mtima, amantha, okhala ndi chobisa.

Mukamakasayina ngongole ya nyumba, funsani chiphaso, ndipo mukafufuze nokha ku kaundula wa boma ngati chikugwirabe ntchito. Funsani ngakhale munthuyo mumaimba naye limodzi, ngakhale anakunyamulani muli khanda. Akakhumudwa, akhumudwe. Teun anandifunsa kawiri ngati pepala linapita. Akanandifunsa kamodzi kokha ngati ndinali ndi chilolezo cholitumiza, sindikudziwa ngati ndikanatha kumunamiza akundiyang'ana. Sanafunse, chifukwa ndinali azakhali ake.